Kalata kwa mphwanga amene akufuna lupanga

Mphwanga wokondedwa,

Amayi ako andiuza kuti masiku ano sukuyendanso ngati anzako. Akuti ukungoguba pabwalo, kamtengo paphewa, uku ukulamula ang'ono ako kuti aime pamzere. Ati ukufuna kudzakhala ofesala wa asilikali, wa lupanga m'chiuno. Nkhaniyi yandikondweretsa kwambiri, ndiye khala pansi ndikuuze za sukulu imene ine ndinaphunzirako ntchito imeneyi.

Dzina lake ndi Sandhurst, ili ku England, kufupi ndi London. Ndi sukulu yakalekale. Nyumba yake yaikulu ya zipilala kutsogolo, yotchedwa Old College, inayamba kugwira ntchito mu 1812, agogo a agogo ako asanabadwe. Maphunziro ake amatenga masabata 44.

Ukudziwa chimene munthu amanyamula tsiku lofika? Si mfuti ayi. Ndi thebulo lositirapo zovala! Masabata asanu oyamba ndi owawa zedi. Timadzuka kunja kukadali bii, kuyala bedi mpaka lisalale ngati pepala, kusita yunifolomu, kenako kupukuta jombo ndi kansalu, polishi pang'ono, timadzi pang'ono, chala chikuzungulirazungulira mpaka nkhope iwonekemo ngati pagalasi. Akabwera asajeni n'kupeza kafumbi kamodzi kokha, basi, uyambirenso. Ndinkadabwa kuti jombo zikugwirizana bwanji ndi nkhondo. Ndinadzamvetsa pambuyo pake, atandipatsa anthu oti ndiziwayang'anira: ofesala amene saona kafumbi sangaonenso kuti msilikali wake akutsimphina.

Tinaphunzira zambiri, kuwerenga mapu, kupeza njira usiku ndi kampasi, mbiri ya nkhondo zakale. Tinakweranso mapiri a ku Wales, mvula ikutimenya, zikwama zolemera kumsana.

Koma chimene ndikufuna ugwiritsitse ndi mawu amene sukuluyi imayendera, akuti “Serve to Lead”, kutanthauza kuti uzitumikira kuti utsogolere. Ofesala watsopano amapatsidwa asilikali pafupifupi 30. Mukayenda tsiku lonse n'kufika pogona, iwe sukhala pansi. Umazungulira kuona mapazi a aliyense ngati atuluka matuza. Chakudya chikabwera amayamba kudya ndi iwo, iwe umadya pomaliza, ndipo chikachepa woperewedwa ndi iweyo. Anthu amene umawasamala chonchi amakutsata ngakhale koopsa.

M'tchalitchi cha pasukulupo, makoma ndi zipilala zadzaza mayina a maofesala amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918. Ambiri anali anyamata ongomaliza kumene maphunziro. Ndikalowamo ndinkangoti zii. Ntchito iyi si masewera, mphwanga, ndipo msilikali wabwino salakalaka nkhondo.

Tsopano nayi nkhani imene uikonde. Tsiku lomaliza kumakhala perete wamkulu wotchedwa Sovereign's Parade. Ng'oma zikulira, malupanga akung'anima, omaliza maphunziro amaguba pang'onopang'ono kukwera masitepe a Old College. Onse akalowa, ofesala mmodzi amawatsata ali pahatchi, ndipo hatchiyo imakwera masitepewo, gubudu gubudu, mpaka kulowa m'nyumba! Mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1920 ndipo ukuchitikabe. Usiku wa tsikulo nyota yako yoyamba imakhala yophimbidwa paphewa. Ikangokwana 12 koloko umaivundukula, ndipo kuyambira pamenepo ndiwe ofesala.

Ndikabwera pa tchuthi ndidzatenga chithunzi cha hatchi ija kuti udzaone wekha. Padakali pano, ang'ono akowo ndiwo asilikali ako. Mukamaliza kuguba uziyamba wawamwetsa madzi, iwe umwe pambuyo. Undikonzerenso nsapato zako za kusukulu, ndidzafuna kuonamo nkhope yanga.

Upereke moni kwa amayi ndi abambo ako.

Ndine,
Malume ako