Usanagule feteleza, kayezetse dothilo

Mwana wanga,

Ndamva kuti watenga ngongole yogulira feteleza wa munda wako watsopano uja, ndipo amene akukulimbikitsa ndi mnzako yemwe uja. Chimvereni sindikugona. Kodi iyeyo anakumbapo m'mundamo ngakhale kamodzi? Zikavuta, wobweza ngongole ndiwe, iye adzangoti pepa.

Ukukumbukira chigawo chakumtunda chija, cha katondo, pomwe chimanga chinkathera m'chiuno? Bambo ako ankawonjezera yureya chaka ndi chaka, akumati nthaka yatopa. Ndimawaonabe ataima pamzere, atagwira phesi lowonda ngati chala, osayankhula. Tinadzamva mochedwa kuti dothilo linali ndi asidi wambiri. Asidi akachuluka, mlingo womuyezera wotchedwa pH umatsika, ndipo ukatsika kupitirira 5.5, mizu imapinimbira, komanso fosiforasi, chimodzi mwa zakudya za mbewu, amakanirira m'dothi, mbewu osamupeza. Yureya yemwe tinkathirayo ankangowonjezera asidiyo. Pankafunika laimu wochepetsa asidi ndi manyowa, koma ife tinkakwirira ndalama.

Ndiye ndimvere. Tenga khasu ndi ndowa yapulasitiki yoyera, uyende mokhotakhota m'mundamo, ukumbe malo 15 kapena 20, kuzama masentimita 20. Pachulu ayi, pomwe panawotchedwa zinyalala kapena panaunjikidwa manyowa ayi, pamenepo padzakunamiza. Usakanize bwinobwino, utapepo theka la kilogalamu, uyanike pamthunzi, upite nalo kokayezetsa. Dothi lakumtunda ndi lakumunsi usaphatikize, mwana iwe, ndikukudziwa ndiwe waphuma. Lililonse m'thumba mwakemwake, ulembepo.

Ujambulenso mundawo papepala: apa mchenga, apa makande, apa madzi amadikha, apa amakokolola. Nyowetsa dothi pang'ono ulifinye m'dzanja. La mchenga limanyenyeka, la makande limamata n'kuumbika ngati chingwe. Uli wamng'ono unkaumba ng'ombe ndi dothi lomwelo, zala zako zikulidziwa kale. Pamchenga feteleza amatsika msanga ndi mvula, choncho amafuna kuthira pang'onopang'ono. Pomwe pakukokoloka, akalozera ndi vetiva ziyambe, matumba a feteleza pambuyo.

Sindikukunyoza ayi. Mtima wanga unasangalala utasankha ulimi. Koma ndalamazo uzisunge kaye, usagule thumba ngakhale limodzi zotsatira zisanatuluke. Mnzakoyo akakufulumizitsa, umuuze kuti amayi akana. Oyeza dothiwo akati pakufunika laimu, amathira mvula isanayambe kuti alowerere, ndiye usachedwe.

Undiyimbire ukakumba, undiuze mtundu wa dothilo. Mupatse moni mpongozi wanga ndi ana.

Ndine mayi ako.