Ku Le Mans inkapambana ndi galimoto imene sinafere m'njira

A Mkonzi,

Tsamba lanu la zamasewera ladyedwa ndi mpira, koma tikupempha kadanga kuti tinenepo za galimoto zothamanga usana ndi usiku. Anyamata obwera kudzaphunzira ntchito m'magalaja muno mu Lusaka amangofunsa kuti galimoto ikuthamanga bwanji. Mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, ku France, umene unayamba mu 1923, umaphunzitsa funso limene makanika ayenera kuyamba nalo: galimoto ikakhala pamoto tsiku lathunthu, chimayamba kufa n'chiyani? Zambiri mwa galimoto zimene zinatchuka kumeneko sizinali zogulitsa kwa aliyense. Ankapanga zowerengeka zoyeserapo nzeru zatsopano, ndiye amazitcha prototype.

Oyamba kufa anali mabuleki. Msewu wa Mulsanne, mbali ya njira ya mpikisanowu, unali wowongoka pafupifupi makilomita 6, kumapeto kwake kuli kona yakuthwa. Dilamu ya mabuleki ikatentha imafutukuka n'kutalikirana ndi mashuzi, pedulo n'kumira mpaka pansi. Mu 1953 Jaguar C-Type inabwera ndi mabuleki a disiki a Dunlop, amene amakhala poyera, mphepo n'kumawaziziritsa, ndipo inapambana. Ford GT40 ya mu 1966, ya injini ya malita 7, inali yolemera moti madisiki ankafiira pakona, kuzizira mwadzidzidzi pamsewu wowongoka uja, kenako n'kung'aluka. Anaipanga mwakuti disiki ichotsedwe n'kuikapo ina m'mphindi zochepa mpikisano uli mkati. Madalaivala otsika mapiri a ku Chirundu amve apa: brake fluid (mafuta a mabuleki) ya mtundu wa DOT 4 ikakhala yatsopano imapirira madigiri 230, koma ikamwa chinyezi imatha kuwira pa 155. Isintheni zaka ziwiri zilizonse, ndipo potsika gwirani galimoto ndi giya yotsika, osati phazi lokha.

Ford yomweyi inachita manyazi mu 1964 ndi 1965, pamene GT40 ngakhale imodzi sinamalize. Magiyabokosi ankasweka, magasiketi a hedi n'kumapsa. Mankhwala ake sanali kuwonjezera mphamvu. Anamangirira injini ndi giyabokosi pa makina oyesera, n'kuziyendetsa maola 48 zikusintha magiya ngati zili panjira, ndipo madalaivala anauzidwa malire a kuzungulira kwa injini oti asadumphe. Mu 1966 Ford inatenga malo atatu oyamba, n'kugwetsa Ferrari imene inapambana zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana.

Kwa ife, sukulu yeniyeni ndi Porsche 917. Malamulo ankafuna kuti kampani ipange zokwana 25, ndipo mu 1969 Porsche inazindandalika zonse. Injini inali ya masilinda 12 ogona, malita 4.5, yoziziritsidwa ndi mphepo ya fani, yopanda ladiyeta yoti ingadonthe. Felemu inali ya mapaipi a aluminiyamu olemera makilogalamu pafupifupi 42 basi. Aluminiyamu imang'aluka mosaonekera pamene awotcherera, choncho ankapopera mpweya m'mapaipimo n'kumayang'ana geji: mpweya ukatsika, ndiye kuti pena pang'aluka. Koma galimotoyi ikafika pa liwiro lalikulu inkapepuka kumbuyo n'kumayendayenda mumsewu, madalaivala n'kumaiopa. Ambiri ankaganiza kuti vuto lili ku masipuling'i ndi mashoko. Poyesa ku Austria, injiniya John Horsman anaona tizilombo tofera pamphuno ndi pagalasi, koma kumchira kulibe. Anazindikira kuti mphepo siikukhudza mchira, ndiye palibe choukanikiza pansi. Anadula malata a aluminiyamu n'kukweza mchirawo, galimoto inakhazikika. Vuto limene sipanala inalephera linapezeka ndi maso. Porsche 917 inapambana ku Le Mans mu 1970 ndi 1971, ndipo mu 1971 inayenda makilomita 5,335 m'maola 24, kuposa kuyenda mtunda wa Lusaka mpaka Chipata kasanu ndi kanayi. Mtunda umenewu sunapitiridwe mpaka 2010.

Kuyambira 1982 malamulo a gulu la galimoto zampikisano lotchedwa Group C anaika malire pa petulo, malita 600 pa mpikisano wa makilomita 1,000, thanki yosapitirira malita 100. Wopondereza mopanda nzeru ankauma asanafike. Mu 1988 ku Le Mans, dalaivala Jan Lammers anamva kuti giyabokosi ya Jaguar XJR-9 yayamba kugonja, anaisiya mu giya 4 osaikhudzanso mpaka kumapeto, n'kupambana. Khutu lotere ndi limene timafuna mwa dalaivala wa basi ya ku Chipata, kuti amve phokoso lachilendo chitsulo chisanaduke.

Pempho lathu, a Mkonzi, ndi loti kamodzi pamwezi muzisiyako danga la mbiri imeneyi, ndi zithunzi zoonetsa injini ndi felemu, osati penti yokha. Poyambira sipatali ayi. Ku Kyalami, pafupi ndi Johannesburg, kunkachitika mpikisano wa maola 9, ndipo mu 1969 David Piper ndi Richard Attwood anapambana kumeneko pa 917 yomweyi. Yambirani pamenepo.

Ndife amakanika a ku Kalingalinga,
Lusaka