Kalata kwa mwana wanga: za Hilux yonjenjemera m'mawa

Salima

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse ku Nkhotakota kumeneko muli bwino, iwe, apongozi anga ndi adzukulu. Ife kuno tili bwino, kungoti mwera wayamba ndipo amayi ako sakuchoka pamoto.

Pafoni paja sitinamvane bwino chifukwa cha netiweki, n'chifukwa chake ndati ndilembe. Unati Hilux yako ikalira m'mawa imanjenjemera, idling imakwera n'kutsika, nthawi zina imazima ukapanda kuponda moto, koma ikangotentha imayenda bwinobwino. Unatinso wina wakuuza kuti pampu ya dizilo yatha, uitumize ku Lilongwe. Usaitumize kaye. Pa injini ya dizilo ya 3L ngati yakoyo, matenda otere kawirikawiri amachokera ku zinthu ziwiri zotchipa: mahita (ma glow plug, timapulagi totenthetsa m'kati mwa injini isanalire), kapena mpweya wolowa mu dizilo usiku. Pampu ndiyo yodula kuposa zonse, ndipo tiikayikire komaliza.

Vuto limeneli limaoneka injini ili yozizira basi. Ukaiyendetsa kupita kugaraja, pofika kumeneko yatentha kale, ndiye makaniko akuyesa galimoto yopanda matenda. Amangopotokola sikulu ya idling, iwe n'kulipira, kutacha zomwezija. Galimoto igone pomwe iti iyesedwe, ndipo m'mawa uliwonse usinthe chinthu chimodzi chokha. Ukasintha zitatu nthawi imodzi sudzadziwa chimene chinali cholakwika.

Mawa m'mawa wina alize galimoto, iwe uime kumbuyo uyang'ane utsi. Ukakhala woyera, wonunkha dizilo ndi wowawa m'maso, n'kutha patapita mphindi imodzi kapena ziwiri, ndiye kuti dizilo akufika koma sakupsa m'masilinda ena. Pamenepo ganizira mahita. Ikalira msanga, n'kuyenda bwino masekondi angapo, kenako n'kuyamba kutsamwa kapena kuzima popanda utsi wambiri, ndiye kuti dizilo ndi amene akuperewera, muli mpweya. Utsi wabuluu ndi oilo. Utsi woyera wosatha ngakhale injini itatentha, madzi a mu redieta akuchepa tsiku ndi tsiku, imeneyo ndi nkhani ya gasiketi kapena hedi yong'aluka, ndipo galimoto yotero usaikweze mapiri a ku Ntchisi ndi katundu.

Anthu amati kunyanja n'kotentha, mahita alibe ntchito. Akunama. Injini ya 3L sithira dizilo molunjika pa pisitoni, imathira m'kachipinda kakang'ono ka mu hedi, ndipo chitsulo chozizira cha kachipindako chimaba kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. Ngakhale mu Okutobala imafuna mahita, nanji mu Juni ndi Julayi, 4 koloko m'mawa ukupita kukatenga usipa ku Chia. Hita imodzi ikafa mwa zinayi, galimoto imalirabe, koma silinda imodziyo imatsalira mpaka zinzake zitaitenthetsa. Kunjenjemera ukukumvako kungakhale kumeneko.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsegula kiyi, dikira kagetsi ka hita kazime, tseka, tsegulanso, udikirenso, kenako uilize. Ikalira mosalala kuposa masiku onse, wayandikira pamene pali vuto. Ukatsegula kiyi uzimvanso relay ikuti tha mu boneti. Ngati kuli zii, yang'ana fyuzi ndi relay usanagule hita n'imodzi yomwe. Relay ikamagwira, masula kachitsulo kaphanthiphanthi kolumikiza mahita anayiwo kuti iliyonse ikhale payokha. Tenga tesita ya babu, mbali imodzi uigwiritse ku pozitivi ya batire, nsonga yake uigunditse pamutu pa hita iliyonse. Pamene babu layaka, hita ili moyo. Pamene silinayake, yafa. Ukapeza multimeter ndiye bwino koposa: hita yabwino yozizira imawerenga pafupifupi 1 ohm kapena kucheperapo.

Pomasula mahita, injini ikhale yofunda, ndipo uthire kaye oilo wofewetsa dzimbiri usiku wake. Ikalimba usaikakamize, uzipita nayo kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono. Hita ikadukira mu hedi, ntchito ya ola limodzi imasanduka yochotsa hedi yonse. Ukazichotsa, uziike pa pepala mwa ndondomeko, 1 mpaka 4, ndipo uyang'ane nsonga zake. Nsonga yotupa kapena yodyeka ikutanthauza kuti nozulo yofumula dizilo ya silinda imeneyo ikudontha, kapena anaikapo hita ya mphamvu yolakwika. Pathupi pa hita amadindapo ma volt ake. Zambiri za 3L ndi 11V, koma zilipo zina zofanana nazo maonekedwe za ma volt ochepa, ndipo zotero ukaziika pa waya wosayenera zimapsa posachedwa. Upite nayo yakaleyo kusitolo, ndipo ugule zonse zinayi. Pomanga, umange ndi dzanja mpaka ikhale, sipanala ingomalizitsa pang'ono.

Tsopano za mpweya, zimene ndikuzikayikira kwambiri, poti unandiuza kuti nthawi ya kusowa kwa mafuta ija unkathira wa m'zigubu ndipo fyuluta anakusinthira pamsewu.

Pamwamba pa fyuluta ya dizilo pali kabatani kopopera ndi dzanja. M'mawa wina, usanagwire kiyi, kadinize. Ngati kali kolimba ukangodina kawiri katatu, dizilo anagona m'malo mwake. Ngati kali lobodo, mpaka upope ka 20 kapena 30 kuti kalimbe, ndiye kuti usiku dizilo amabwerera ku thanki, mpweya n'kulowa m'malo mwake. Popa mpaka kalimbe, kenako uilize. Ikakhazikika tsiku limenelo, mlandu wa pampu yayikulu watha.

Chosokoneza n'chakuti polowera mpweya sipadontha. Kuchokera ku thanki mpaka pa pampu, dizilo amachita kukokedwa, ndiye mng'alu wochepa ngati tsitsi umayamwa mpweya koma pansi sipanyowa. Makaniko amayang'ana pansi pa galimoto, n'kunena kuti palibe chikutayika. Iwe gula kapayipi koonekera m'kati, kolingana ndi payipi yochoka pa fyuluta kupita pa pampu, ukaike m'malo mwake ndi makilipi abwino. Madzulo kakhale kodzaza. M'mawa ukapeza mpata wa mpweya, kapena injini ikulira uziona timathovu tikuyenda motsatizana, waupeza. Malo oyamba kufufuza ndi rabala ya fyuluta ngati anaipinda pomanga, rabala ya kachipangizo ka madzi kamene kamamangidwa kunsi kwa fyuluta, ndi kabatani kopopera komweko, poti rabala ya m'kati mwake imatha ndi ukalamba. Kenako mapayipi a rabala, makamaka kumapeto kumene kilipi inaluma. Apinde ndi zala, ming'alu ionekera. Usaiwale kapayipi kobwezera dizilo kochokera pa manozulo ndi mawasha ake. Mawasha amenewo sabwerezedwa kawiri, ngakhale anthu amatero.

Ukafuna kutsimikiza, thira dizilo woyera m'botolo la malita awiri, ulowetsemo payipi yolowa pa fyuluta pamodzi ndi yobwezera, upope mpweya utuluke, igone choncho. Ikalira bwino m'mawa, vuto lili pakati pa thanki ndi fyuluta.

Uli pomwepo, khetsa madzi. Masula pang'ono kotsekera kunsi kwa fyuluta, uike botolo loonekera, upope. Lisiye mphindi zisanu. Madzi amakhala pansi, dizilo pamwamba. Fyuluta imene yamwa madzi ndi zinyalala itaye, sichapidwa. Ndipo dizilo wonunkha palafini umuope kuposa madzi. Pampu ya injini imeneyi ilibe oilo wakewake, imadzola dizilo yemweyo, ndiye palafini amaidya m'kati mwakachetechete.

Batire nayo uiyese, sizitenga nthawi. Itagona iwerenge 12.4 mpaka 12.6 volts, ndipo pamene sitata ikuzungulira isatsike pansi pa 10. Mahita ndi sitata amadya mbale imodzi, batire ikafooka onse amagona ndi njala. Palanso mitu ya batire ndi waya wa ethi wopita pa injini. Chinyezi cha kunyanja chimaudya waya ameneyu m'kati, kunja akuoneka wabwino.

Zonsezi zikakhala bwino koma ikunjenjemerabe, pezani silinda yolakwayo. Ili pa idling, yozizira, masula pang'ono nati ya payipi yachitsulo pa nozulo imodzi ndi sipanala ya 17, utaphimba ndi chinsanza. Injini ikagwa mawu, silinda imeneyo inali kugwira ntchito, manga upite pa ina. Pamene wamasula koma mawu osasintha, ndi pamene pali matenda. Dzanja lisayandikire dizilo wothamanga pamenepo, amatha kuboola khungu. Nozulo ya silinda imeneyo upite nayo kwa oyesa manozulo. Yabwino imatseguka cha m'ma 150 kgf/cm², imafumuka ngati nkhungu ndipo sidontha. Nozulo ikapezeka yabwino, ayeze mavavu injini ili yozizira: 0.20 mpaka 0.30 mm olowetsa mpweya, 0.40 mpaka 0.50 mm otulutsa utsi. Pa injini iyi amasintha mashimu, tizitsulo tozungulira tokhala pamwamba pa mavavu, palibe sikulu yopotokola, ndiye upite kwa amene ali ndi zida zake. Vavu yothina sitseka bwino, ndipo kompureshoni imathawa. Kompureshoni yeniyeni ndi 32 kgf/cm², isachepere 20, ndipo masilinda asasiyane kuposa 5.

Paja timing belt munasintha liti? Ya injini imeneyi ndi makilomita 100,000. Ngati kunjenjemeraku kunayamba belt itangosinthidwa kapena pampu itangogwiridwa, ayang'ane zizindikiro, mwina anaphonya dzino limodzi. Dizilo akamachedwa kulowa, utsi woyera wa m'mawa umachuluka.

Pa mapampu ena pali kachipangizo kolowa timapayipi tiwiri ta madzi. Ntchito yake ndi kukweza idling injini ikazizira, n'kuitsitsa ikatentha. Ona ngati yako ili nako, komanso ngati wina sanakamange ndi waya kapena kutseka timapayipito. Uonenso ngati thermostat ilimo. Kuno kunyanja amakonda kuichotsa ati injini isatenthe, mapeto ake injini imachedwa kufunda ndipo imadya mafuta. Ngati inachotsedwa, ibwezere.

Sikulu ya idling isinthidwe injini itatentha bwino, ikhale cha m'ma 700 rpm. Sikulu inayo, yomangidwa chidindo, yoonjezera dizilo, wina asaigwire ngakhale akulonjeze mphamvu pa chitunda. Komanso ndamva kuti anyamata ako amaika nsanza ya petulo pakamwa pa injini kapena kupoperamo mankhwala oyatsira. Uwaletse. Zinthu zimenezo zikakumana ndi hita yofiira zimaphulika pisitoni isanafike pamwamba, ndipo maring'i amasweka.

Yamba ndi kuyang'ana utsi mawa, mkuja kabatani kopopera kaja, tsiku lotsatira uyese kutsegula kiyi kawiri. Unditumizire pa WhatsApp kanema wa utsi wa m'mawa, wojambulidwa kuyambira pamene kiyi akutembenuzidwa, ndi chithunzi cha manambala a pa hita imodzi. Ngati mahita a 11V akusowa pa boma kumeneko, undiuze ndifufuze pa Kamuzu Road ndikupatsire wa minibasi. Amayi ako akupereka moni, ndipo akuti ukamabwera usaiwale mpunga wawo.

Ndine,
Bambo ako