Achimwene, mkuyu uja tisaudule

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko ku Joni, alamu ndi ana akudzuka bwanji? Kuno tili bwino ndithu. Mayi ndinawaona Lamulungu potuluka mtchalitchi, ali bho, kungoti mwendo womwe uja sukuwapatsa mtendere. Dzuwa la Okutobala ndiye lakwiya heve, masana phiri silikuoneka bwino ndi utsi wa moto wa tchire ndipo ku Likhubula madzi atsika kwambiri.

Ndalama ya simenti inafika ndipo amisiri ayamba kale pulasitala, zimenezo musade nazo nkhawa. Chandilembetsa kalatayi ndi mawu munatumiza pa WhatsApp aja, oti mkuyu wa kumapeto kwa puloti tiudule kenako bwalo lonse tithire simenti kuti kusamachite matope. Sindinawauze anyamata a nkhwangwa, ndimafuna mumve kaye mbali yanga. Za mizu ndikukumvetsani, mizu ya mkuyu imayenda patali ndipo imang'amba maziko, koma uwuwu uli kutali ndi nyumba, chofunika nkuti dzenje la toileti ndi mapaipi tisayandikize kumeneko basi, nthambi zolowera kwa aneba tisadze. Mtengo umene uja ndi umene watsala wokha mdera lonse lija, ina inapita ku makala ndi kuwotchera njerwa, ina inagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Nkhuyu zikapsa muzabwere muzaone nokha, apumbwa, njiwa zobiriwira zija, timbalame tina toti ngakhale dzina sindikutidziwa, tonse timathera mmenemo.

Kwanga kuno mukudziwa kulibe mtengo waukulu, ndi mango umodzi ndi mapapaya basi, koma mbalame zimabwera tsiku lililonse ndipo chimene chinazikoka si chakudya ayi, ndi madzi. Mtsuko wa amake mwana unasweka, ndiye ndinatenga phale lapansi lija nkulikhazika pa chitsa pansi pa mango. Phale ndi labwino kuposa beseni la pulasitiki chifukwa ndi lokhakhala, mbalame siiterereka, komanso madzi amakhala ozizirira olo dzuwa liswe bwanji. Madzi ake asamachuluke, masentimita 3 kapena 5 pakati penipeni, mmbali mukhale mosaya, kungonyowetsa miyendo. Mukaika akuya timbalame tating'ono timaopa ndipo tikhoza kumira. Ndinaponyamo miyala iwiri itatu yoti izituluka pamwamba kuti zizitera, njuchi nazo zimamwera pomwepo osagweramo.

Chimene chinasintha zinthu kwambiri ndi botolo. Ndinaboola kabowo kakang'ono ndi singano pansi pa botolo la Sobo, nkulimangirira pa nthambi pamwamba pa phale kuti lizidontha pang'onopang'ono, chitsekerero osamanga kwambiri kuti mpweya uzilowa. Mbalame zimamva kudontha kuja ndi kuona madzi akugwedezeka zili patali. Oyamba kufika ndi apumbwa, amenewo alibe manyazi, amalowa thupi lonse nkumakupiza mapiko mpaka madzi kutha theka. Kenako mpheta ndi zingolopiyo zimabwera chigulu, kutera pa nthambi kaye, kuyang'ana uku ndi uku, imodzi ikalimba mtima zonse zatsika. Njiwa zimabwera cha kummawa ndi madzulo ndipo kamwedwe kake nkosiyana, zimaviika mlomo nkumayamwa osadzutsa mutu, pamene zinzake zimatapa nkuyang'ana kumwamba kuti madzi atsike. Atimba sadya zomwe ndimaika koma kusamba amabwera. Kusamba kumeneku si masewera, nthenga zikakhala zoyera mbalame imazikonza bwino ndi mlomo, imauluka bwino ndiponso nthawi ya chiperoni mu Juni ndi Julaye siizizidwa kwambiri.

Koma apa ndinenetse, madzi amenewa ndi otaya tsiku ndi tsiku. Udzudzu umaikira mazira mmadzi oima ndipo kukatentha chonchi sabata imodzi ndi masiku pang'ono wayamba kale kuuluka, ndiye sitingamaitane mbalame nkumaweta malungo pakhomo pomwe pali ana. Ine mmawa ndikamatsuka kumaso ndimakhuthula phale, kukwecha ndi chisononkho cha chimanga kuti ndere zichoke, kuthira ena. Sopo ayi. Madzi otayawo amapita pa bedi la mpiru.

Za chakudya sindigula kanthu. Ndinadula nsungwi yaikulu, kuing'amba pakati kukhala ngati kamgolo, kuboola timabowo pansi kuti mvula ikagwa madzi asamadikhe, nkuipachika ndi waya. Mmenemo ndimaika madeya, mapira, mawere ndikawapeza ku msika wa Chitakale, ndi mpunga wosweka wotsala popeta. Dzanja limodzi patsiku basi, zoti zithe dzuwa lisanalowe, chifukwa zikagona kapena zikatayikira pansi mwaitana makoswe, ndipo pomwe pali makoswe njoka siichedwa. Lichero lakutha nalonso limagwira ntchito, kungolimanga zingwe zitatu. Za apumbwa ndinakhoma msomali pa nthambi nkumabayapo nthochi yakupsa kwambiri kapena chibenthu cha papaya, ndipo chiyambire kutero mapapaya a mumtengo sakujompha ngati kale.

Pali zina zoti osaika. Mtedza kapena chimanga cha chuku ayi, chuku chimene chija ndi poizoni kwa mbalame chimodzimodzi kwa anthu. Chilichonse cha mchere, ndiwo zotsala, tchipisi, ayi. Mapeyala nawonso, olo kuno ndi ku Thyolo amachita kuwolera pansi, ine sindiika chifukwa ali ndi mankhwala ena amene amapweteka mbalame zambiri. Timbalame tija ta milomo yaitali yokhota tomwa timadzi ta mmaluwa ena amatipangira madzi a shuga, kapu imodzi ya shuga makapu anayi a madzi, koma ndi kutentha kwa kuno amasasa msanga ndipo nyerere zimadzaza, ine ndinaona kuti bola kungobzala maluwa ofiira ndi aloe mmbali mwa mpanda, timabwera tokha.

Malo oika ndiye nkhani yaikulu. Pafupi ndi mtengo kuti mphamba ikatulukira zithawire mmasamba, koma osati pafupi ndi tchire lowirira pomwe mphaka angabisale, pakhale masitepe atatu anayi poyera, ndipo chitsa chikhale chofika mchiuno. Komanso kutali ndi khola la nkhuku. Nyengo yotentha inoyi ndi imene chitopa chimavuta, nkhuku ndi mbalame za mtchire zisamamwere pamodzi, zimapatsirana matenda. Mukaona mbalame yofooka, nthenga zili nyankhalala, yangokhala pa phale osathawa, chotsani zonse mutsuke ndi madzi otentha, papite masiku musanabwezeretse.

Ndikudziwa muziti nanga mbalame zomwezi si zimatha mapira ndi mpunga kumunda. Zoona, atchete ndi zingolopiyo zikalowa mmunda wa mpunga mlimi amalira, sindingakane. Koma pakhomo phindu ndi lochuluka, mbalame zambiri zing'onozing'ono zimalera ana ndi mbozi ndi tizilombo, ndipo ndimaziona ndi maso anga zikusanthula masamba a repu ndi tomato.

Vuto linali ana a legeni ndi ulimbo, mukudziwa mmene tinkakulira ifenso, phale ngati limeneli likanakhala msampha wabwino. Sindinawakalipire. Ndinawapatsa ntchito, wina wothira madzi mu botolo, wina wokatenga madeya ku chigayo, ndipo tinapangana kuti mkati mwa mpanda uno legeni imakhala mthumba. Pano amakangana okha kuti yabwera ija ndi yaimuna kapena yaikazi, wanga wamkulu ali ndi kope lomwe akujambulamo iliyonse yachilendo. Zimandikhudza kwabasi, chifukwa ana a masiku ano mbalame zambiri zomwe ife tinkazidziwa ndi kulira kokha sanazionepo.

Mukudziwa kuti pali mbalame ina imene dziko lonse limaitchula ndi dzina la boma loyandikana nafeli, Thyolo alethe? Ndi ya mnkhalango yowirira, imakonda kutsatira linthumbu nkumatola tizilombo tothawa. Imapezeka kuno ku Mulanje, ku Thyolo ndi mapiri ochepa a ku Mozambique monga Namuli ndi Mabu. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo inathera minda, ndiye yatsalira mu tinkhalango ta mma esiteti a tiyi monga ku Satemwa, ndipo alendo amachoka kutali kuzaifuna ndi makamera. Imeneyo pa phale langa singabwere, olo ndiike chani, imafuna nkhalango yeniyeni. Koma zinazi zomwe zimapirira kukhala pafupi ndi anthu zimangofuna mtengo, madzi ndi malo oti sizigendedwa, ndipo pa puloti panu mtengo ulipo kale.

Ndiye pempho langa ndi ili. Simenti tithire kuchokera pa geti kufika pakhonde ndi pozungulira nyumba kuti madzi a denga asakumbe maziko, koma kumbuyo kuja tisiye dothi, tibzale kapinga mvula ikayamba. Simenti yotsala pang'ono amisiri atiwumbire kabeseni kosaya pansi pa mkuyu, kokhakhala mkati, kokhala ndi potulutsira madzi. Ndalama yomwe ipulumuke igule zitseko za mkati zomwe munkadandaula zija. Kusamalira ndizichita ine mpaka muzabwere, mwana wanga wanena kale kuti azipitako akaweruka ku sukulu.

Mundiyankhe isanathe sabata ino chifukwa anyamata a nkhwangwa akungondifunsa. Ndikutumizirani kavidiyo ka apumbwa akusamba netiweki ikakhala bwino, muwaonetse ana. Mupereke moni kwa alamu, ndipo mayi akuti mafuta opaka mwendo aja muwatumizirenso akamabwera munthu.

Ndine mnzanu wa pa Chitakale.