Mwinjiro unagonja kwa jasi

Akonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa funso lakuti bwanji mwinjiro, chovala chopanda manja chongokoleka m'mapewa chija, unasowa m'misewu. Ambiri amati ndi fashoni basi. Ine ndikukana.

Ku Ulaya mwinjiro unkagwira ntchito yooneka. Wokwera pa kavalo ankafunda nawo mpaka m'mawondo, usiku n'kuusandutsa bulangeti. Kusoka kwakenso kunali kosavuta: chinsalu chimodzi, chomangira pakhosi, zatha. Jasi la manja linkafuna telala waluso ndi masiku angapo.

Makina osokera atayamba kufala m'zaka za m'ma 1850, a Singer ali m'gulu lomwelo, zovala zosokeratu zinatsika mtengo. Kenaka kunabwera njinga ndi galimoto. Tayesani kupalasa njinga mutavala mwinjiro, muone ngati suukodwa m'masipoko! Pomwe jasi lili ndi mabatani ndi matumba, mphepo siilikupiza, ndipo manja onse awiri amagwira ntchito momasuka.

Lero zamtunduwu timaziona pa ansembe, oweruza ndi ophunzira tsiku lolandira digiri. Onsewa, mukaonetsetsa, amayenda pang'onopang'ono ndipo sathamangira basi.

Ine,
Wowerenga wanu