Lipoti la ulendo wa ku Johannesburg pa msonkhano wa opanga makiyibodi

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse a kalabu yathu,

Munandituma ku Johannesburg kuti ndikaone anzathu omwe amadzipangira okha makiyibodi a kompyuta, makamaka aja ang'onoang'ono ooneka ngati achikale. Munandiuza kuti ndikafufuze ngati ntchitoyi ingatheke ndi zida zomwe zili pa benchi yathu, komanso ngati mulu wa makiyibodi akale omwe tinatolera m'maofesi uja uli ndi phindu. Ndikuthokoza nonse amene munasonkha ya thiransipoti. Malisiti onse ndapereka kwa amayi msungichuma.

Yankho langa ndi lakuti ntchitoyi tiitha, bola tisatengeke ndi zodula zomwe anzathu akumeneko amakonda kuonetsana. Zofunika kugula kunja ndi zochepa kwambiri. Zina zonse ndi za manja athu.

Msonkhanowu sunali wa malankhulidwe ataliatali. Munali matebulo mu holo, aliyense n'kuyala makiyibodi ake, anthu n'kumazungulira kuyesa. Lamulo linali lakuti upemphe kaye usanagwire, ndipo batani la mwini wake osalizula. Ine ndinathera nthawi yaitali pa tebulo la bambo ena achikulire omwe anabweretsa IBM Model M yeniyeni. Kiyibodi imeneyi inayamba kupangidwa mu 1985, ndipo zoyambirirazo zimalemera makilogalamu oposa awiri chifukwa m'kati mwake muli chitsulo chopindika. Anaitembenuza n'kundionetsa chipepala chakumsana, pomwe panalembedwa tsiku limene inatuluka m'fakitale ya ku Greenock, ku Scotland. Kenako anazula batani limodzi kuti ndisuzumire. Pansi pake pali sipuling'i yoimirira. Ukadina, imafinyika pang'onopang'ono mpaka imapindikira pambali mwadzidzidzi, ndipo kupindika komweko ndi kumene kumagwetsa kanyundo kakang'ono pansi, chilembo n'kulembeka. Ndiye chala chimamva ndi khutu limamva pa mphindi yeniyeni yomwe chilembo chatuluka. Ndinataipa mizere ingapo ndipo ndinamvetsa chifukwa chake kampani ya Unicomp ku Lexington, Kentucky, ikupangabe mtundu umenewu mpaka lero.

Bambowa anandikonzanso maganizo pa nkhani ya kukula. Ambiri timaganiza kuti kiyibodi yaing'ono ndi fasho ya achinyamata a lero. Ayi. IBM inkapanga kale ya mabatani 62 ya ma tellers a m'mabanki omwe ankagwiritsa ntchito makina a 4704 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ku Japan kampani ya PFU inatulutsa Happy Hacking Keyboard ya mabatani 60 mu 1996, motsatira maganizo a Pulofesa Eiiti Wada. Choncho amene akupanga yaing'ono ya mtundu wa mkaka ndi phulusa akubwereza zomwe zinalipo kale.

Kiyibodi ya mu ofesi imakhala ndi mabatani 104 kapena 105. Yomwe amaitcha 60% ili ndi 61 kapena 62: mulibe manambala a kumanja, mulibe mzere wa F1 mpaka F12, mulibenso mivi. Ya 65% imabweza mivi. Ndiye pali ya 40%, monga Planck ya Jack Humbert, ya mizere inayi, uliwonse wa mabatani 12, yopanda ngakhale mzere wa manambala. Zosowazo sizitayika. Zimakhala pa layer ina, ngati mmene Shift imasinthira chilembo chaching'ono kukhala chachikulu: ukagwira batani lina ndi chala chachikulu, mzere wapamwamba umasanduka manambala. Eni ake amataipa mwachangu zedi, ndinaona ndi maso anga. Koma kwa ife ndikuti tisayambire pamenepo. Makasitomala athu ambiri ndi olemba makalata, ana asukulu ndi owerengera ndalama, ndipo munthu wotere akasowa muvi kapena nambala 7 sakudikira kuti umufotokozere za ma layer. Tiyambe ndi 65%, kapena 60% ngati zipangizo zitavuta.

Tsopano nkhani ya maonekedwe, pomwe ndalama za anthu zimathera. Uchikale wonsewo umachokera pa mabatani apamwamba ndi bokosi basi. Mitundu yotchuka imakopedwa ku makina enieni: ina amaitcha 9009, kutengera kiyibodi ya Cherry G80-9009 yomwe inkapangidwira makina a Reuters, ina Dolch, kutengera makompyuta onyamula m'manja a kampani ya dzina lomwelo. Palinso mabatani aatali okumbika pamwamba a mtundu wa SA, opangidwa ndi Signature Plastics ku America, ofanana ndi a makina a m'ma 1970. Ndi okongola, sindikana. Vuto ndi kagulidwe kake. Ambiri amagulitsidwa mwa njira yomwe amati group buy: mumalipiratu muli gulu, fakitale n'kuyamba kupanga, inu n'kudikira miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira kwathu kuno, sindikuona nzeru yokatsekera ndalama za kalabu kumeneko. Mabatani a pulasitiki ya PBT a mtundu wa mkaka ndi phulusa, omwe zilembo zake amazilowetsa m'pulasitikimo ndi moto, amapezeka okonzeka kale pa mtengo wotsika, ndipo kwa ife ndi abwinonso kuposa odulawo. Pulasitiki ya ABS imachita chikasu ikamaombedwa ndi dzuwa ndipo imayamba kunyezimira pomwe zala zimakhudza kwambiri, pamene PBT imapirira. Ena amayeretsa ABS yachikasu ndi hydrogen peroxide padzuwa, koma amene anayesapo anandiuza kuti chikasucho chimabwereranso pakapita nthawi.

Gawo lomwe ndinakondwa nalo kwambiri linali pa tebulo la mayi wina wachitsikana yemwe ankaluka kiyibodi pamanja, popanda PCB, bolodi yopangidwa kale m'fakitale yolumikizira mabatani. Apa ndi pomwe pali tsogolo lathu, ndiye mundilole ndifotokoze bwino.

Pansi pa batani lililonse pamakhala swichi, ndipo swichi iliyonse ya mtundu wa Cherry MX ili ndi timiyendo tiwiri tachitsulo. Cherry anaitulutsa ku Germany m'zaka za m'ma 1980, ndipo chitetezo cha patent chitatha makampani a ku China monga Gateron ndi Kailh anayamba kupanga zofanana nazo, mtengo n'kutsika. Sitingakokere waya wakewake ku swichi iliyonse, chifukwa ka chipu kowerenga kalibe miyendo yokwanira. Ndiye maswichi amalumikizidwa m'mizere yopingasa ndi yotsika. Chipu imayatsa mzere umodzi pa nthawi, n'kumvetsera kuti magetsi atulukira kuti, ndipo imazungulira chonchi kambirimbiri pa sekondi imodzi. Koma ukadina mabatani atatu omwe apanga ngodya, magetsi amatha kubwerera chammbuyo, chipu n'kuona ngati wadinanso lachinayi lomwe sunalikhudze. Mankhwala ake ndi dayodi, yomwe imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, imodzi pa swichi iliyonse, 1N4148 yomweyi tili nayo mu dilowa yathu yokonzera mawailesi.

Mayiyu anatenga madayodi akadali pa tepi yawo, n'kuwapinda onse limodzi pa mphepete mwa tebulo kuti miyendo ipindike mofanana. Mwendo umodzi ankaukulunga pa swichi, winawo n'kuugoneka kuti ukafike pa dayodi yotsatira, moti miyendo yomweyo inkasanduka waya wa mzere wonse. Asanawotcherere ankayang'ana kaye kuti kamzere kakuda ka dayodi iliyonse kaloza mbali imodzi, chifukwa imodzi yokha ikatembenuka batani lake limafa. Pa mizere yotsika ankagwiritsa ntchito waya wokutidwa, n'kumasenda timipata tating'ono pomwe pali swichi pokha. Chowotcherera anachiika pa madigiri pafupifupi 330, ndipo mtovu wake unali wa 63/37, umene umasungunuka pa 183. Sankakhalitsa pa mwendo wa swichi, masekondi awiri atatu basi, kuopa kusungunula pulasitiki. Achimwene athu omwe amawotcherera ma charging port a mafoni tsiku ndi tsiku aiona ntchitoyi kupepuka, chifukwa apa zonse ndi zazikulu zooneka ndi maso.

Pali masamu amodzi oyenera kuwadziwa tisanaitanitse katundu. Bolodi yotchipa yomwe ambiri amayambira ndi Pro Micro, ya chipu ya ATmega32U4, ndipo ili ndi miyendo 18 yogwiritsa ntchito. Ya 40% imafuna 4 kuphatikiza 12, yomwe ndi 16, ndiye imakwana. Koma 60% yolukidwa mowongoka imafuna mizere 5 ndi 14, yonse 19, kutanthauza kuti ikuperewera ndi umodzi. Ena amapinda mawaya kuti akhale 8 ndi 8, zomwe zimakwanira mabatani 64, koma kaluka kake kamasokoneza mutu wa wophunzira. Ine ndikuti tigule Raspberry Pi Pico, ya chipu ya RP2040 yomwe inatuluka mu 2021. Ili ndi miyendo 26 ndipo pulogalamu yoyendetsa kiyibodi ya QMK, yomwe ndi yaulere, imaidziwa bwino.

Chomwe chingativute ndi puleti yogwira maswichi. Bowo lililonse liyenera kukhala mamilimita 14 mbali zonse, kuchokera pakati pa batani kufika pakati pa linzake pakhale 19.05, ndipo puletiyo ikhale yokhuthala 1.5 kuti swichi igwire bwino. Ndi tupa ndi macheka sitingathe mabowo oposa 60 mosaphonya. Pakufunika makina odula ndi laser, ndipo ndikupempha kuti tikafunse kwa opanga zikwangwani ndi zikho zamphoto mu tauni muno, chifukwa ena a iwo ali nawo. Chojambula chake tingachikonze tokha pa tsamba la pa intaneti la Keyboard Layout Editor.

Bokosi ndilo lathulathu. Ambiri kumeneko anali a aluminiyamu, koma anthu ankaunjikana pa la thabwa lokhala ndi chipumi chachitali kumbuyo ngati taipilaita. Nditawauza za mlombwa ndi m'bawa anachita chidwi kwambiri. Zidutswa zotsala kwa akalipentala athu zikukwana, chifukwa 60% kutalika kwake sikufika masentimita 30. Thabwalo likhale louma bwino, apo ayi lidzapindika mvula ikayamba, puleti n'kukana kulowa. Mkungudza wa ku Mulanje tisaukhudze ngakhale wina atatipatsa mwaulere, mtengo umenewu watsala pang'ono kutha.

Ndinafunsanso za chilembo ŵ, chomwe chili m'dzina la dziko lathu ndipo abale athu olemba Chitumbuka amachifuna pafupifupi mzere uliwonse. Apa ndinaphunzira kuti kiyibodi situmiza zilembo ku kompyuta. Imangotumiza nambala ya malo omwe wadina, ndipo kompyuta ndi imene imasankha chilembo. Ndiye kulemba ŵ pa batani sikukwanira. QMK ingathe kutumiza nambala yake ya Unicode, yomwe ndi 0175 kwa chaching'ono ndi 0174 kwa chachikulu, koma pa Windows pamafunika kapulogalamu kena monga WinCompose, ndipo pa Mac uyenera kusankha Unicode Hex Input. Mnyamata wina yemwe anakhalapo ku Wales, komwe chilembochi amachigwiritsanso ntchito, anandionetsa njira yapafupi. Ukaika Windows pa United Kingdom Extended, umadina AltGr ndi 6, kenako w, chilembo n'kutuluka. QMK tingaiuze kuti batani limodzi lizichita zonsezo lokha. Sindinaonepo kiyibodi ya m'sitolo yokhala ndi batani limeneli, ndipo ndikukhulupirira kuti aphunzitsi, omasulira mabuku ndi alembi a m'matchalitchi angailandire ndi manja awiri. Chimenechi ndi chifukwa chenicheni chomwe munthu angagulire yathu m'malo mwa yotchipa ya mumsika.

Za mulu wathu uja, nkhani yake si yosangalatsa kwenikweni. Makiyibodi ambiri a m'maofesi alibe maswichi, ali ndi mphira ndi timapepala tapulasitiki pansi. Koma tisataye tisanaone. Zulani batani limodzi pa iliyonse. Mukaona mphira, ikani pambali, tidzatengapo chingwe chokha. Mukaona kamtanda, imeneyo ndi ya mtundu wa MX. Mukaona kamutu ka makona anayi kotalika mbali imodzi, mwina ndi swichi ya mtundu wa Alps, yomwe inkapezeka mu Dell AT101 ndi Apple Extended Keyboard II, ndipo mabatani a MX sakwanapo. Pa nkhani imeneyi panabuka mtsutso kumeneko. Ena amaphwasula makiyibodi akale amoyo kuti atengemo maswichi, ena akuti kumeneko n'kuwononga chuma chomwe sichidzapangidwanso. Ine ndili mbali yachiwiri. Yogwira ntchito tiitsuke, tiigulire kolumikizira ku USB, ipitirize ntchito. Tiphwasule yokhayo yomwe bolodi yake inapsa kapena bokosi linasweka.

Ndikupempha komiti ivomereze kuti tipange imodzi yokha yoyesera tisanalonjeze munthu aliyense. Tiitanitse maswichi 70, Pico ziwiri, mabatani a PBT seti imodzi ndi ma stabilizer ogwira mabatani aatali monga Space ndi Enter. Madayodi, waya ndi mtovu tili nazo. Pakufunika anthu awiri oyendera odula ndi laser, ndi m'modzi wolankhula ndi akalipentala za thabwa louma. Pa tsiku lowotcherera tidzatsekule mawindo onse ndipo aliyense asambe m'manja asanadye, chifukwa cha mtovu. Loweruka likubwerali ndidzabwera ndi chojambula cha 65% chosindikizidwa papepala mu kukula kwake kwenikweni, kuti aliyense aikepo zala zake ndipo tigwirizane malo omwe batani la ŵ likhale.

Ine wanu pa ntchito,
Nthumwi ya kalabu