Nkhani ya timu ya Texas ya 1969 inasiya mfundo yaikulu

A Mkonzi,

Nkhani yanu yokumbukira timu ya University of Texas, imene inatenga ukatswiri wa American football m'makoleji mu 1969, inadumpha mfundo yofunika kwambiri. Zoonadi anagonjetsa timu ya Arkansas 15-14 Pulezidenti Nixon wa America akuonerera, kenako timu ya Notre Dame 21-17 mu Cotton Bowl, masewera aakulu a kumapeto kwa nyengo. Koma iyi inali timu yomaliza ya azungu okhaokha kutenga ukatswiriwo. Julius Whittier, munthu wakuda, analowa m'timu yaikulu ya yunivesiteyo mu 1970, chaka chotsatira.

Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale, ndipo ndimaona kuti chimene nyuzipepala sinalembe, ana amangoti sichinachitike. Zimandipweteka. Chonde lembaninso nkhaniyi, mufotokoze za Whittier komanso tsankho limene linkatsekereza anyamata akuda m'makoleji akum'mwera kwa America.

Mphunzitsi wa mbiri yakale